Usatsale chifukwa cha mimba yanga

Yankho mwana wanga,

Ndang'amba mapepala apakati m'kope lako lakale la masamu, usandikwiyire. Ndikulemba mothamanga kuti ndimalize usanabwere ku Mbulumbuzi kumene wapita kukameta tsitsi la kusukulu. Ndikanatha kungokuuza pakamwa, koma ukudziwa mmene zimathera ife tikayamba kulankhula. Iwe umandiyankha ndisanamalize, ine misozi, kenako mimba n'kuyamba zake, nkhani n'kuthera panjira ya kuchimbudzi. Ndiye uwerenge mpaka kumapeto usanatsegule pakamwa. Zilembo zikakhota upirire nazo, dzanja langa linazolowera khasu.

Dzulo ndinakumva. Ndinali m'bafa, iwe uli kuseri kwa mpanda ukupeta nandolo ndi mnzako Fanesi, ukuyesa ndagona m'nyumba. Unati, "Ine ndingopita kukalembetsa dzina kuti amalume asandikalipire. Ikatha sabata imodzi ndidzanena kuti ndadwala, andibweze. Amayi sangakhale okha, tsiku lina adzagwera m'chimbudzi muja popanda wowaona." Fanesi anati, "Iwe wapenga eti? Sekondale yogonera komweko, ife tonse tatsala, iwe wekha asankha, ndiye uitaye?" Iwe n'kuti, "Sukulu ilipo ndi chaka chamawa chomwe." Sopo anandilowa m'maso koma sindinamve n'kuwawa komwe. Ndinangokhala pa mwala paja madzi mpaka kuzizira.

Mawa ukwera minibasi, Yankho, ndipo sudzabwera ikatha sabata imodzi. Usatsale, usabwerere, chifukwa cha mimba yanga. Ndikuuza chifukwa chake.

Mawu akuti sukulu ilipo ndi chaka chamawa chomwe, ine ndinawanenapo. Ndili sitandade sikisi agogo ako anatsetsereka ndi mtolo wa nkhuni n'kuthyoka mwendo. Palibe amene anandiuza kuti siya sukulu, ndisanamizire munthu. Ndinangoona kuti madzi palibe wotunga, ana palibe wowasambitsa, ndiye ndinati ndijombe sabata ziwiri zokha. Sabata ziwiri zinakhala mwezi. Aphunzitsi athu aakazi anabwera kawiri pa njinga kudzandifuna. Ulendo woyamba ndinawalonjeza kuti Lolemba ndibwera. Ulendo wachiwiri ndinabisala kuseri kwa nkhokwe, chifukwa anzanga anali atapita kutali ndi masamu ogawa ndipo ndinkaopa kukasekedwa. Agogo ako anayamba kuyenda patatha miyezi itatu. Anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akulima, akuvina pa maukwati kuposa atsikana. Mwendo unachira, mwana wanga. Ine sindinabwerere. Ndinakwatiwa ndili wamng'ono, iwe n'kubadwa. Sindikunena kuti ndikudandaula kuti unabadwa, Mulungu andikhululukire, ayi. Koma tsiku lina ndikulephera kuwerenga pepala lachingerezi la mankhwala ako a malungo, agogo ako anandiyang'ana nati, "Ndikanadziwa, ndikanakuthamangitsa ndi ndodo yomwe ndinkayendera ija." Anaona mochedwa. Ine ndikuona lero, usananyamuke, ndiye ndikukuthamangitsa.

Matenda awa sanayambe chaka chino ngati mmene ndinakuuzirani nonse. Anayamba mng'ono wako Suzeni akuyamwa. Ndikadya chitumbuwa kapena nyama ya nkhumba, pansi pa nthiti za kumanja panali kubaya, ululu n'kukwera mpaka kumsana cha paphewa. Ndinkatenga soda wa therere uja, kusungunula m'kapu, kumwa, kugeya, basi n'kumati ndi mpweya. Abambo ako akabwera kuchokera ku Limbe pakutha pa mwezi n'kundifunsa kuti bwanji wagwira pamimba, ndinkati palibe, ndakhuta. Ndinkaganiza kuti munthu wogwira ntchito ya ulonda, wosagona, ndimuonjezerenso nkhawa? Zaka ziwiri ndikumwa soda. Mpaka tsiku lija ndinagwa kuchigayo ndikusanza, maso ali chikasu ngati kam'kati ka dzira. Adokotala a ku Blantyre atandiunika anandifunsa kuti, "Mayi, munali kuti nthawi yonseyi?" Ine ndinati, "Ndinali kumunda." Sanaseke. Ndiye iwe kusukuluko, paliponse pakakuwawa, ukauze amatroni tsiku lomwelo. Usamwe za m'kapu za anzako. Usanene kuti palibe pamene chilipo. Wamva?

Za opaleshoni ukuzidziwa, koma mwina sindinakufotokozere bwino chimene anandichotsa. Ine ndinkadziwa ndulu ya nkhuku yokha, kaja kobiriwira timakachotsa mosamala kuti kasaphulike n'kuwawitsa nyama. Sindinkadziwa kuti munthu angakhale moyo atamuchotsa kake. Adokotala anajambula papepala nati kameneka ndi kathumba chabe kosungira. Madzi owawawo amapangidwa ndi chiwindi, ndipo chikupangabe, koma tsopano alibe podikirira, amangodonthera m'matumbo nthawi ina iliyonse. N'chifukwa chake chakudya cha mafuta chikalowa chimangodutsa ngati chikuthamangitsidwa. Anati ena zimawasiya pakatha masabata, ena miyezi, ena zimachedwerapo. Ine ndi mwezi wachinayi uno. Ndinali nditauzidwa, Yankho. Zimene umaona ndikuthamanga ndi nsalu m'manja si zachilendo kwa adokotala, zachilendo ndi kwa ife kuno.

Tsopano tamvera nkhani imene sindinakuuzepo yonse, nkhani ya azakhali ako amake Joji, akazi a amalume ako. Umandifunsa kuti bwanji anasiya kuponda pakhomo pano, ine n'kumangoti anthu ndi otero. Anthu si otero. Ndinalakwa ndine.

Potuluka m'chipatala anandipatsa kabotolo momwe munali timiyala tisanu timene anapeza m'ndulumo, tofanana ndi nandolo zouma. Anthu atabwera kudzandizonda ndinakatulutsa kabotolo kaja, kakuyenda dzanja ndi dzanja pamkeka. Mayi wina wachikulire anakagwedeza pafupi ndi khutu nati, "Miyala simera yokha m'mimba mwa munthu. Ameneyu anachita kumuikira." Anthu anayamba kuyang'anizana. Aliyense ankakumbukira kuti chaka chatha ine ndi alamu anga tinakangana za malire a dimba mpaka kutukwanizana pamjigo. Palibe anatchula dzina, koma alamu anali pomwepo, ndipo anaona kumene maso a anthu ankapita. Ine ndinkadziwa zimene adokotala ananena, kuti timiyalato timaundana tokha kuchokera m'madzi a ndulu omwewo. Ndikananena mawu awiri okha nkhani ikanathera pamkeka pomwepo. Ndinakhala chete. Ndinali wotopa, inde, komanso ndinene zoona, kamtima kena kankakondwa kuti alamu achiteko manyazi chifukwa cha dimba lija.

Patapita masiku atatu anabwera ndi mbale yovundikira. Anali atapha thadzi lawo loikira mazira, n'kulikazinga ndi mafuta ochuluka ngati pa ukwati. Anagwada nati, "Idyani alamu, magazi abwerere." Ndipo anakhala pansi kuti aone ndikudya. Anamwino anali atandiuza kuti za mafuta ndiyambe ndasiya. Koma ndikanakana bwanji, mudzi wonse ukunong'ona zija? Kukana mbale imeneyo kukanakhala kuvomera kuti ndikuwaopa. Ndinadya mwendo wonse ndi msuzi womwe, ndikuyamikira. Ukukumbukira zimene zinatsatira. Masiku awiri unachapa nsalu zanga zonse, mpaka ndinafunda yako.

Ulendo wachiwiri iwe unali kusukulu, mukukonzekera mayeso. Anabweretsa nyama ya nkhumba ndi nkhwani wotendera nsinjiro. Nditaona mafuta ake ndinaopa. Ndinati, "Zikomo alamu, siyani pompo, ndidya kukazizira." Atangokhota pa mtengo wa mango paja ndinatuluka n'kukhuthulira galu. Sindinaganize china chilichonse, ndinangofuna kuti mbale ibwerere yopanda kanthu. Koma iwo anali ataiwala kansalu kamene anafunditsira mbale. Anandipeza ndaima ndi mbale yawo m'manja, ndikuyang'ana galu akudya.

Anati, "Mwamuyesera galu?"

Ndisanayankhe anapitiriza.

"Chabwino. Tidikire limodzi tione ngati afe."

Anakhaladi pansi, Yankho, pa mtondo wogwetsa uja, manja pachifuwa. Galu anamaliza, ananyambita dothi, anakagona pamthunzi. Dzuwa linasuntha kuchoka pakhonde kufika pa thandala. Galu anadzuka, anadzikanda, anathamangitsa nkhuku.

Anati, "Wafa?"

"Ayi alamu."

"Ndipatseni mbale yanga."

Nthawi yonseyo ndikanatha kunena kuti alamu, ine mafuta akundipweteka, nkhuku yanu ija inandigoneka. Koma kuuza mlamu wako kuti umadziipitsira ngati mwana wakhanda, aaa, ndinaona ngati bola andide. Ndinathawa manyazi ang'ono n'kugula udani waukulu. Kuyambira tsiku limenelo sanabwerenso, amalume ako n'kumangodzera kumsewu kudzapereka moni ataimirira. Amayi ena amene ankabwera kudzanditungira madzi nawonso anayamba kuchepa, poti palibe amafuna kuti mbale yake ikathere kwa galu. Ntchito yonse inagwera iwe. Ndiye ukamauza Fanesi kuti amayi alibe wina wowasamala, ukunena zoona, koma amene anathamangitsa anthuwo ndine. Mlandu ndi wanga. Sukulu yako isalowepo.

Uphunzirepo apa. Kumene ukupitako mudzadyera limodzi, mudzagawana zimene makolo abweretsa. Chinthu chikakhala kuti sichikuyanja, unene pamaso pa mwini wake, ndi chifukwa chake chomwe, ngakhale chikhale chochititsa manyazi. Usalandire ndi manja awiri n'kukataya kuseri. Munthu amapirira kukanidwa, koma kutayiridwa sapirira.

Zitachitika zimenezo ndinayamba kuopa chakudya chenichenicho. Tsiku loti ndiyenda, ndinkasiya kudya kuyambira dzulo lake masana kuti m'mimba mukhale mopanda kanthu. Ndi mmene ndinagwera m'tchalitchi tsiku lija tili pakati pa nyimbo. Iwe unaganiza kuti matenda akula. Ayi, inali njala. Anamwino a ku Mbulumbuzi anandikalipira ngati mwana. Anati, "Mayi, mukamakhala ndi njala madzi owawawo akugwera m'matumbo opanda kanthu, ndiye mukuonjezera moto. Idyani pang'onopang'ono, kasanu pa tsiku, ngati mwana woyamba kudya." Ndinamvera, ndipo iwe wekha waona kusintha, kungoti mantha sakukulola kuwerenga masiku abwino. Phala lopanda nsinjiro m'mawa limakhala. Mbatata yophika imakhala. Nthochi, mpunga, usipa wowamba, masamba ongofwafwaza ndi tomato, zonsezi zimakhala. Nandolo ndikadya zochepa sizivuta, ndikachita dyera mimba imafufuma ngati ng'oma. Mapeyala ndinayesa kamodzi, sindidzabwerezanso chaka chino. Ndikatsegula kwambiri ndimasungunula thanzi, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi aja, n'kumamwa tsiku lonse. Sabata yathayi panali masiku atatu amene ndinapita kuchimbudzi kawiri kokha ngati munthu wina aliyense. Unaona? Sunaone, chifukwa umangowerenga masiku oipa.

Ndaphunzira kukhala nazo. M'tchalitchi ndimakhala pa benchi ya kukhomo. Ndikamapita kumsika ndimamanga nsalu ziwiri ndi kasopo m'thumba. Zimbudzi zonse za m'njira ya ku Mbulumbuzi ndikuzidziwa kuposa eni ake, cha ndani chili ndi chitseko, cha ndani chili ndi chiguduli, cha ndani chili ndi mavu. Amake Fanesi anachita kundiuza kuti, "Inu musamachite kuodira, muzingolowa, takuwerengerani kale ngati a pakhomo pano." Tinaseka mpaka bala kundikoka. Zimenezi ndi zotopetsa, ndi zochititsa manyazi, koma si zoti mwana asiyire sukulu. Ukakhala pano sungaimitse mimba yanga ndi manja. Ungangokhala ukundiyang'ana ndikuthamanga, iwe zaka zikupita.

China. Kusukuluko kuli ana a kuno, ndiye mawu adzakufika. Chigwereni m'tchalitchi muja ena akuti kuonda kumeneku ndi kutsegula kumeneku ndi matenda aja a m'magazi. Ndinayezetsa asanandipange opaleshoni, ndinayezetsanso mwezi watha, mulibe. Ndipo ngakhale mukanakhala, tili nawo anthu pano akumwa mankhwala awo, akulima kuposa ine. Ukamva zimenezo usamenyane ndi munthu, usalire, usathawe. Ungonena kuti amayi anawachotsa ndulu, basi, upitirize kuwerenga.

Tsopano ndikuuze chimene ndikuopa, chifukwa ndikachibisa ndikhala ndikubwereza zomwe zija za soda. Lachiwiri lapitali ndinakuuza kuti ndikupita ndi Suzeni kusikelo. Ndinanama. Ndinapitira ine. Usiku wake ululu unabweranso pansi pa nthiti, osati kupotokola kwa masiku onse kuja, koma kubaya kwenikweni kwakale, ndipo m'mawa mkodzo unali wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Adokotala anandikoka chikope n'kuyang'ana m'maso nthawi yaitali. Analemba m'buku langa kuti Lachinayi likudzali ndipite ku Blantyre akandiunikenso. Anati mwina kamwala kena kanatsalira m'njira imene madzi a ndulu amadutsa. Anati ngati ndi choncho kamachotsedwa, anthu amachira, ndipo mwinanso sakapeza kanthu. Koma anati ndikayamba kutentha thupi, kusanza kapena maso kuchita chikasu, ndisadikire Lachinayi. Chichokereni kumeneko ululu wachepa, mkodzo wayerako. Komabe m'mawa uliwonse ndikumatenga kagalasi kako kaja n'kupita nako padzuwa kukadziyang'ana m'maso.

Ndikuopa, Yankho. Ndikuopa tebulo lija, ndikuopa fungo la m'chipinda muja, ndikuopa kugonekedwa tulo ndisakudziwa ngati ndidzuka. Ndili ndi zaka makumi atatu zokha, Suzeni sanayambe n'sukulu yomwe. Ndinkafuna ndikubisire mpaka utapita. Koma ndaganiza kuti ukadzamvera kwa anthu, udzalumpha mpanda wa sukulu tsiku lomwelo, ndipo sudzakhulupiriranso mawu anga ngakhale ndidzanene kuti ndili bwino. Ndiye ndakuuza. Ukudziwa tsopano zonse zimene ine ndikudziwa. Ndipo ndikunenabe kuti mawa upite. Pa mantha awiri amene ndili nawo, aakulu si a Lachinayi. Aakulu ndi oti ndidzachira ngati mmene anachirira agogo ako, n'kudzakupeza iwe uli pamjigo ndi mwana kumsana.

Ukufunsa mumtima kuti nanga Lachinayi adzandiperekeza ndani, abambo ako sangasiye ntchito. Ndi chimene ndinadzukira lero. Utangonyamuka ndinatenga buku langa la kuchipatala n'kutsikira kwa amalume ako. Ndinawapeza alamu akuzira khonde, manja ali matope.

Ndinati, "Odi."

Sanatembenuke. Anati, "Galu mwamusiya kuti?"

Ndinagwada pabwalo pomwepo. Bala linakoka, ndinabuula.

"Dzukani inu, mungang'ambe ulusi anthu n'kudzati ndine."

Sindinadzuke. Ndinanena zonse zimene ndinalephera kunena miyezi itatu. Ndinati alamu, ine ndikadya mafuta ndimadziipitsira, nthawi zina osafika n'kuchimbudzi komwe. Nkhuku yanu ija ndinaidya ndi mtima wonse koma inandigoneka masiku awiri. Nyama ija ndinaopa, osati inu, mafuta. Ndipo za miyala zija adokotala anati imaundana yokha, ndinkadziwa tsiku lomwelo, ndinakhala chete dala chifukwa cha dimba.

Anasiya kuzira. Anatembenuka n'kundifunsa.

"Kodi kuchipatalako anakusokani pamimba kapena pakamwa?"

"Pamimba, alamu."

"Ndiye miyezi itatu ine ndikuyenda m'mudzi muno ngati mfiti, ana anga anzawo akukana kudya nawo chimanga chokazinga, nkhani yake ndi ya kuchimbudzi? Ndani sapita kuchimbudzi? Ine pobereka Joji amene anandipukuta si inu?"

Zimenezo ndinali nditaiwala, Yankho. Ndinalira.

Anasamba m'manja n'kutenga buku lija. Iwo anafika fomu thuu, amawerenga za adokotala. Anawerenga tsamba la Lachiwiri kawiri, milomo ikuyenda. Atamaliza anati, "Thadzi langa loikira mazira. Likanakhala ndi anapiye angati pano?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Musalire, mukundinyowetsera pozira." Kenako anandiuza zimene akufuna. Mawa tikaweruka m'tchalitchi, amayi onse asanabalalike, ndiimirire ndinene pamaso pawo zomwe ndanena pabwalo pawo, osasiyako ngakhale za dimba. Ndavomera. Ndidzanena ndi za kuchimbudzi zomwe, aseke amene akufuna kuseka.

Usaganize kuti zonse zatha. Sanandiyalire mkeka, ndipo pondiperekeza anangofika pa khola la mbuzi n'kubwerera. Koma asanabwerere anati Lachinayi tinyamuka limodzi m'mamawa, akagona nane kuchipatala ngati angandigoneke, Suzeni adzakhala ndi Joji, madzi azidzatunga iwo mpaka ndidzathe kusenza ndowa. Amake Joji ndi munthu wa pakamwa, koma chimene wanena amachita. Pa maliro a agogo ako ndi iwo amene anaphika masiku atatu osakhala pansi.

Ndiye tipangane, ine ndi iwe, ngati akuluakulu. Amalume ako atenga nambala ya amatroni mawa akakakusiya. Lachinayi madzulo adzaimba kuti akuuze zimene adokotala apeza, zabwino kapena zoipa, mmene zilili. Lamulungu lililonse ndizilankhula nawe ndekha, ndipo ukandifunsa kuti mimba ili bwanji sindidzanenanso kuti palibe. Ndikatsegula kasanu ndidzati kasanu. Zikadzavuta zenizeni, zoti mwana ayenera kukhala pafupi ndi mayi ake, amalume ako adzabwera okha kudzakutenga, ndawalumbiritsa. Koma ukapanda kuona nkhope yawo pageti la sukulu, ndiye kuti sunaitanidwe. Usamvere za m'minibasi, usamvere za ana a kuno, usamvere maloto. Usadwale matenda abodza kuti akubweze. Ukadzatero udzandipeza ndili moyo, ndipo tsiku lomwelo ndidzakubweza ndekha, ndikuima pa chimbudzi chilichonse mpaka tikafike.

Ndikudziwa kuti wandisamala kuposa mmene mwana wa zaka khumi ndi zinayi ayenera kusamalira munthu. Unandisambitsa bala likununkha. Unalemba mayeso ako manja akununkha sopo wochapira nsalu zanga, n'kukhozabe. Sindinakuthokozepo bwinobwino, ndimangokutuma. Zikomo, mayi wanga. Wagwira ntchito yako, yakwana. Tsopano uitule.

Pali chinthu chimodzi chimene alamu anapempha, ndipo ine sindingachite m'malo mwako. Anati, "Ine kuphika kopanda mafuta sindikudziwa, kwathu chakudya chotere timapatsa nkhumba. Mwana wanuyo abwere andionetse, ndingakupheni zenizeni tsopano." Ndi iwe wekha amene ukudziwa phala langa kulimba kwake, masamba kuwaphula nthawi yanji, thanzi kusungunula m'botolo liti. Akukudikira lero dzuwa lisanalowe.

Ukamaliza kuwerenga usabwere kwa ine kudzatsutsana, sindiyankha. Utenge kapoto kanga kakang'ono ndi ufa wa phala, utsikire kwa amalume ako, ukawaonetse azakhali ako zonse, ngakhale akunyoze kuti ndiwe mphunzitsi wopanda choko. Kapotoko ukakasiye komweko. Ine ndikhala pakhonde ndikusoka thumba la yunifolomu yako. Ndikakuona ukubwera chimanjamanja ndidziwa kuti wandimvera, ndipo lero ndidya mtima uli m'malo.

Ndine mayi ako,
amake Yankho